Mmene mungayendetsere maphunziro a kulankhulana mwachifundo m'dera lanu ku Mangochi

Anthu ambiri amabwerako ku maphunziro a mtendere ndi kope lodzaza mawu abwino. Koma akafika kunyumba n'kupeza ndalama ya ndiwo yadyedwa, kapena mnzawo wa banki m'khonde sanabweze ngongole, pakamwa pamatulukabe zakale zomwe zija: "Ndinu wakuba," "Mulibe nzeru," "Kwanu konse ndinu otero." Sikuti anthuwa ndi osamva. Iwo anangokhala tsiku lonse kumvera munthu akulankhula kutsogolo, osayeserera ngakhale kamodzi. Kulankhula bwino mtima utatentha ndi luso, ndipo munthu saphunzira kupalasa bwato tsiku la mwera. Amayamba pa madzi odekha, pa nkhani zazing'ono, mobwerezabwereza.

Njira imene tigwiritse ntchito pano anaiyambitsa Marshall Rosenberg, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, m'zaka za m'ma 1960. Ili ndi magawo anayi: kunena zimene zachitika, kunena mmene mukumvera, kunena chimene mukusowa, kenako kupempha. Malangizowa ndi a inu amene mumatsogolera gulu: komiti ya pa doko, komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), gulu la amayi, kalabu ya achinyamata, a ku mzikiti kapena a ku tchalitchi.

Zofunika kukhala nazo

- Otsogolera awiri, mwamuna ndi mkazi. Mmodzi mwa iwo azilankhula bwino Chiyao.
- Malo a mthunzi, otalikirana ndi msewu ndi msika: kalasi ya pa sukulu tsiku Loweruka kapena pansi pa mtengo wa mango. Musasankhe bwalo limene amfumu amazengerapo milandu, chifukwa anthu akakhala pamenepo amayamba kuganiza za wopambana, wogonja ndi chindapusa.
- Mikeka kapena mabenchi okwanira kuti onse akhale mozungulira.
- Bolodi ndi choko, kapena mapepala akuluakulu ndi zolembera.
- Makadi odula ku makatoni, a mitundu iwiri: ena ojambulidwa nkhope (yachisoni, yamantha, yokwiya, yamanyazi, yotopa, yosangalala), ena ojambulidwa zosowa za munthu. Pakhale zithunzi pambali pa mawu kuti wosadziwa kuwerenga asatsalire.
- Miyala inayi ikuluikulu.
- Ndowa ya madzi akumwa ndi makapu.
- Pepala lolembapo komwe munthu wochitiridwa nkhanza angapite.

1. Pemphani chilolezo ndipo sankhani nthawi mosamala

Yambirani kwa amfumu, kenako kwa ashehe ndi abusa. Afotokozereni kuti simukubwera kudzaweruza milandu kapena kudzalanda ntchito ya ankhoswe. Mukudzaphunzitsa anthu kulankhulana kuti nkhani zina zizithera m'nyumba zisanafike pa bwalo.

Nthawi ndiyo imagwetsa maphunziro ambiri kuno. Lachisanu masana ndi la Juma, Lamlungu m'mawa ena ali ku tchalitchi, ndipo Loweruka ndi la a Seventh Day ngati alipo m'gulu lanu. M'mwezi wa Ramazani musaitane anthu kudzakhala maola ambiri masana ali pa swaumu. Ngati mukufuna asodzi a usipa a ku Makanjira, Malindi kapena Monkey Bay, sankhani masiku amene mwezi ukuwala kwambiri, chifukwa usodzi wa nyali umayenda bwino mu mdima, ndipo masiku a mdimawo anyamata amabwera m'mawa ali ndi tulo. Kumtunda monga ku Namwera ndi ku Katuli, mvula ikagwa anthu ali ku munda. Mu Okutobala ndi Novembala yambani m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Chenjezo: musaunjike zonse tsiku limodzi. Konzani mikumano inayi kapena isanu ya maola awiri, kamodzi pa sabata, kuti pakati pake anthu azikayesera kunyumba.

2. Sankhani anthu

Anthu 12 mpaka 16 ndi okwanira. Akapitirira pamenepo, amanyazi amabisala kumbuyo kwa olongolola.

Pa mikumano iwiri yoyamba, amayi akhale paokha, abambo paokha. Mayi sangamasuke kunena kuti ali ndi mantha pamaso pa alamu ake, ndipo mkamwini satsegula pakamwa apongozi ake ali pomwepo. Mudzawaphatikize akazolowera. Anthu awiri amene ali pa mkangano woopsa pakali pano musawaike m'gulu limodzi.

Nenani poyera powaitana kuti palibe alawansi. Ena sabwera, ndipo zimenezo n'zabwino kusiyana ndi kukhala ndi anthu amene mtima wawo uli pa envulopu. Uzaninso gulu kuti aliyense alankhule m'chinenero chimene amakwiyira. Amene kunyumba amakangana m'Chiyao ayeserere m'Chiyao, apo ayi zimene waphunzira sizikamuthandiza pa khomo.

3. Gwirizanani malamulo

Asakhale ambiri, ndipo gulu liwapange lokha. Atatu awa asasowe: zimene zanenedwa pano zitsale pano, potchula chitsanzo sitinena dzina la munthu, aliyense ali ndi ufulu wonena kuti "ine ndidumpheni". Mafoni azimitsidwe, ndipo pasakhale wojambula. Mudzi ndi waung'ono. Nkhani imodzi yokha ikamveka pa mjigo, sabata yamawa simuona munthu.

4. Mwala woyamba: zimene maso aona ndi makutu amva

Ikani miyala inayi ija pansi, motalikirana pang'ono. Woyeserera aziima pa mwala umodzi n'kunena gawo lake lokha asanapite pa wina.

Pa mwala woyamba munthu anene zimene zachitika, popanda kuikapo chiweruzo. Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ndikukulangizani kuti muthere mkumano wathunthu pa gawo lokhali. Funso lothandiza ndi ili: foni ikanakhala ikujambula, ikanaona chiyani, ikanamva chiyani? Foni singajambule ulesi. Ingajambule munthu atagona pa mkeka nthawi ya 9 koloko m'mawa, mbale zili zosatsuka.

Werengani ziganizo izi chimodzichimodzi, gulu lizikonze:

"Mwana ameneyu ndi wamwano." Gulu lifufuze kuti chinachitika n'chiyani. Mwina n'chakuti: "Nditamuitana katatu sanayankhe, kenako anatuluka n'kumenyetsa chitseko."

"Bwana wa boti amatibera." Chochitika: "Dzulo tinagwira zigoba zambiri kuposa dzana, koma ndalama imene tinagawana inali yofanana ndi ya dzana, ndipo sanatiuze mtengo umene anagulitsira."

"Mayi aja ndi osakhulupirika." Chochitika: "Anatenga K20,000 ku banki m'khonde, tinagwirizana kuti abweza pa 30, lero ndi pa 12 ndipo sanabwere ku mikumano iwiri."

Onani kusiyana kwake. Munthu mukamuuza kuti ndi wakuba, chimene angachite n'kukana ndi kukubwezerani chipongwe. Mukamuuza tsiku, ndalama ndi zimene munagwirizana, ali ndi poyambira kuyankha. Mwina atulutsa chifukwa chimene simunachidziwe, monga mwana amene wagonekedwa m'chipatala.

Chenjezo: tcherani khutu ku mawu akuti "nthawi zonse", "simunayambe mwa...", "mwadala" ndi "monga mwa chizolowezi chanu". Akangomveka, chiweruzo chalowa. Muimitseni woyesererayo mofatsa, mumufunse kuti, "Zinachitika liti, kangati?" Anthu amaseka akagwidwa, ndipo kusekako kumathandiza kuti akumbukire.

5. Mwala wachiwiri: mmene mukumvera

Yalani makadi a nkhope pa mkeka. Woyeserera atole imodzi kapena ziwiri n'kunena: ndakhumudwa, ndili ndi nkhawa, ndachita manyazi, ndatopa, ndikusungulumwa, ndapsa mtima.

Abambo ambiri amatola khadi ya mkwiyo yokha. Musawakakamize, koma afunseni kuti, "Mkwiyo usanabwere, munamva chiyani?" Nthawi zambiri pansi pake pamakhala manyazi kapena mantha. Msodzi amene wabwerako chimanjamanja masiku atatu otsatizana, n'kumva mkazi wake akufunsa za ufa pamaso pa ana, chimayamba kumugwira ndi manyazi. Ukali umabwera pambuyo kudzaphimba. Wotsogolera wamwamuna ayambe iye kupereka chitsanzo, kuti ena aone kuti kunena za mantha sikuchotsa ulemu wa munthu.

Chenjezo: "Ndikumva kuti mukundinyoza" ndi mlandu umene mukuikira mnzanu, ngakhale wayamba ndi "ndikumva". Chimodzimodzi "ndikuona ngati mwandipusitsa". Mubwezereni munthuyo ku makadi: pamene mukuganiza kuti akukunyozani, mumtima mukumva chiyani?

6. Mwala wachitatu: chimene mukusowa

Kumverera kulikonse kumaloza ku chinthu chimene munthu akuchisowa kapena wachipeza. Zosowazi n'zofanana kwa anthu onse, Myao, Mnyanja, Mlomwe, Msilamu ndi Mkhristu: chakudya, chitetezo, kupuma, ulemu, kumvedwa, chilungamo, kukhulupirirana, kuthandizana, kuwerengeredwa, ufulu wosankha.

Chovuta ndi kusiyanitsa chosowa ndi njira yochipezera. "Ndikufuna muzindionetsa foni yanu" ndi njira. Chosowa chake ndi kukhulupirirana. "Ndikufuna tisamuke pano tikamange kwathu" ndi njira. Chosowa cha mkamwini amene akunena zimenezi mwina ndi ulemu ndi kukhala ndi mawu pa khomo pake. Anthu amalimbana pa njira, mmodzi akuti tisamuke, wina akuti sindisiya mayi anga. Koma mkazi yemweyo mukamufunsa ngati mwamuna wake ayenera kulemekezedwa pa khomo, savuta kuvomera, ndipo mwamunayo sangakane kuti mayi okalamba amafunika wowasamalira. Zosowa ziwirizo zikaikidwa poyera, njira zimapezeka zingapo: kumanga patali pang'ono m'mudzi momwemo, kupatsidwa munda wawowawo, kugwirizana kuti nkhani za ana azigamula makolo awo.

Chitani chonchi: mmodzi anene dandaulo lake, gulu lonse liyale patsogolo pake makadi a zosowa amene likuganiza kuti akukhudzana ndi nkhaniyo. Mwini nkhani asankhe yekha imene yamufika pamtima. Kenako, ndipo ichi musachidumphe, gulu liyalenso makadi a munthu winayo, amene akudandaulidwa. Kodi iye ankasowa chiyani pamene anachita zimene anachita? Kumvetsa chosowa cha munthu sikutanthauza kuvomereza zimene wachita. Nenani zimenezi momveka, chifukwa ena amaopa kuti akamvetsa ndiye kuti agonja.

Chenjezo: chosowa sichikhala ndi dzina la munthu mkati mwake. Mukamva "ndikusowa kuti iyeyo asinthe", simunafike.

7. Mwala wachinayi: pempho

Pempho labwino limanena chinthu choti chichitike, chooneka, chotheka, ndi nthawi yake. "Muzindilemekeza" n'chinthu chimene munthu sangadziwe poyambira. "Kodi mungandiitanire pambali mukafuna kundidzudzula, osati pamaso pa ana?" chimamveka. "Musamachedwe" chisanduke "Kodi mungandiimbire dzuwa lisanalowe ngati mukuona kuti mugona ku doko?"

Chimene chimasiyanitsa pempho ndi lamulo ndi zimene mumachita mnzanu akakana. Ngati akati "ayi" inu n'kusiya kumulankhula, kumumana chakudya kapena kumuopseza, linali lamulo lovala mawu aulemu. Yesererani kulandira "ayi" awiriawiri. Wina apemphe, mnzake akane, wopemphayo afunse kuti, "Chikukuvutani n'chiyani kuti muvomere?" Yankho la funso limeneli ndi limene limatsegula njira ina.

8. Kumvetsera

Awiriawiri, mmodzi alankhule kwa mphindi zitatu za chinthu chimene chikumusowetsa mtendere. Winayo asamudule, asamulangize, asayambe kufotokoza zake. Pomaliza abwereze zimene wamva m'njira ya funso: "Kodi mwakhumudwa chifukwa mumafuna kuti akufunseni kaye asanagulitse mbuzi?" Akaphonya palibe vuto, mwini nkhani amukonza. Kenako asinthane.

Ife timafulumira kutonthoza: "Limbani mtima," "Zimachitika," "Ingopempherani." Mawuwa amachokera mu mtima wabwino ndipo ali ndi nthawi yake, koma akabwera munthu asanamalize kufotokoza, amamutseka pakamwa. Uzani gulu kuti liziwasunga mpaka mwini nkhani atapuma n'kunena kuti, "Eya, n'zimenezo."

9. Phatikizani zonse m'sewero

Tengani nkhani imene aliyense kuno akuidziwa. Bambo ali ku Joni, anatumiza ndalama ya malata, ndipo amva kuti malata sanagulidwe. Awiri asewere kaye mmene zimakhalira masiku onse pa WhatsApp, ndi ukali wake wonse. Kenako asewerenso poyenda pa miyala.

Bambo: "Mayi a mwana, mwezi watha ndinatumiza ndalama ya malata. Achimwene andiuza kuti nyumba ikadali yosafolera. Ndili ndi nkhawa ndipo ndakhumudwa, chifukwa ndalama imeneyi ndimaipeza movutikira, ndipo ndimafuna ndizidziwa mmene ikuyendera. Mungandifotokozere mmene zinakhalira?"

Mayi: "Bambo ake, ndamva kuti mwakhumudwa chifukwa simunauzidwe. Mwana anadwala malungo usiku, ndinalipira njinga yamoto ndi mankhwala, yotsala ndinagula chimanga. Ndinachita mantha kukuuzani. Inenso ndimafuna muzindikhulupirira, ndipo zimandipweteka kuti mumayamba kufunsa alamu musanandifunse ine. Kodi tingagwirizane kuti pa ndalama iliyonse tizipatula ya zadzidzidzi, ndipo ndikaigwiritsa ntchito ndizikuuzani tsiku lomwelo?"

Funsani oonerera kuti ndi pati pamene aona mtima wa wina ukutsika. Muwauzenso za mauthenga a mawu a pa WhatsApp: uthenga wojambulidwa mtima uli m'mwamba umasungidwa, umamvedwa kambirimbiri, ndipo umatumizidwa kwa abale. Ndi bwino kuumvera kaye wekha usanautumize, kapena kudikira kuche.

Pali nkhani zimene mwambo sulola kuti munthu azinene yekha maso ndi maso, monga za mkamwini ndi apongozi ake aakazi. Musaumirize anthu kuswa ulemu umenewu. Magawo anayi omwewa angathe kudzera mwa ankhoswe kapena amalume. Itanani ankhoswe ku maphunzirowa, chifukwa nkhoswe imene imadziwa kufunsa kuti "chinachitika n'chiyani kwenikweni" ndi "mukusowa chiyani" imathandiza mabanja ambiri kuposa imene imangoti "pirirani".

10. Ntchito ya kunyumba

Aliyense asankhe nkhani imodzi yaing'ono yoti akayesere sabata imeneyo: mwana wosatunga madzi, nkhuku za aneba zimene zikudya ndiwo za m'dimba. Asayambe ndi nkhani ya malire a munda kapena ya mitala. Mkumano wotsatira uyambe ndi malipoti, ndipo amene zinamukanika apatsidwe nthawi yambiri, gulu limuthandize kupeza mwala umene anaudumpha. Maphunziro akatha, gwirizanani zokumana kamodzi pa mwezi. Njira yosavuta ndi kuwonjezera mphindi 30 pa mkumano umene ulipo kale, monga wa banki m'khonde kapena wa komiti ya pa doko.

Nkhani zimene si za maphunzirowa

Tsiku lina wina adzakutsatani pambali n'kukuuzani kuti amamenyedwa, kapena kuti mwana wagwiriridwa, kapena kuti mtsikana wa sukulu akumukakamiza ukwati. Musamuuze kuti akayesere kulankhula mwachifundo ndi womuzunzayo. Kutero ndi kumubwezera pa ngozi ndi kumusenzetsa mlandu umene si wake. Nkhanza za m'banja ndi mlandu pansi pa lamulo la mu 2006, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mumvetsereni, mumukhulupirire, ndipo mumuperekeze ku Victim Support Unit ya ku polisi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Nambala zaulere ndi 116 pa nkhani za ana ndi 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Wogwiriridwa afike ku chipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Uzani gulu kuyambira tsiku loyamba kuti lamulo la chinsinsi lija silibisa nkhanza kwa mwana.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Wotsogolera kulankhula kwambiri. Ngati mwalankhula kupitirira mphindi khumi popanda wina kuima pa mwala, mwayamba kulalikira.

Kuloweza ziganizo ngati ndakatulo. Munthu akafika kunyumba n'kuyamba kuti "ndaona, ndikumva, ndikusowa, ndikupempha" ndi mawu achilendo, mkazi wake amangoti, "Zimenezo ndiye za ku semina?" Miyala ndi yoyeserera. Pa khomo alankhule mmene amalankhulira masiku onse, bola chiweruzo achisiye ndipo pempho limveke.

Kugwiritsa ntchito maphunzirowa ngati ndodo. Wina amayamba kukonza aliyense: "Chimenecho ndi chiweruzo, lankhulani bwino." Amene sanaphunzire alankhule mmene angathere. Ntchito ya wophunzirayo ndi kumva chosowa chimene chili kuseri kwa mawu okhadzulawo.

Kuganiza kuti kulankhula mwachifundo ndi kufewa. Msungichuma wa banki m'khonde angathe kunena momveka kuti ngongole ibwezedwe pofika tsiku lakuti, ndiponso kuti malamulo a gulu agwira ntchito ikapanda kubwezedwa. Chimene akusiya ndi kutukwana ndi kuchititsa munthu manyazi pagulu.

Kuitana amayi okha. Zikatero katundu yense wosunga mtendere amagwera iwo, abambo osasintha kanthu. Ngati abambo sakubwera, atsatireni komwe ali: pa doko posoka maukonde, pa siteji ya kabaza, kapena pemphani ashehe ndi abusa kuti akupatseni mphindi zochepa mapemphero akatha.

Kuyamba nkhani pa nthawi yolakwika. Munthu wanjala, woledzera, kapena amene wangotsika m'boti atachezera usiku wonse sangamve chilichonse, ngakhale mutayala bwino magawo onse anayi. Phunzitsani gulu kufunsa kaye kuti, "Ndili ndi nkhani, tingakambirane liti?" Mtima ukayamba kuthamanga pakati pa kukambirana, munthu anene kuti akufuna kupuma, atchule nthawi imene abwerere, monga akatha kudya madzulo, ndipo nthawiyo ikakwana abwereredi.